Tsiku Limene Agalu Anabwera ku Katemera wa Ana

1990 mpaka 1993

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete mwazimva mpaka kutopa nazo, ndiye pano ndiyambira pamene ndinalowa ntchito ya boma. Ndinalembedwa ntchito yotaipa mu 1990, ndipo kalata inati ndikayambire ku Rufunsa. Ndinafunsa kalaliki amene anandipatsa kalatayo kuti Rufunsa ili kuti. Iye anati, "Mukamapita kwanu ku Katete mumaipitirira, koma basi ikafika pamenepo mumakhala mwagona." Sananame. Atate anu anatsala ku Lusaka kumene ankakonza mamotoka, ine ndinakwera basi ndi iwe Misozi uli kumbuyo, ndi iwe Chikondi uli m'mimba. Tinagwirizana kuti ndikhalako zaka ziwiri zokha, uku ndikupempha transifa kuti banja likhale pamodzi. Atate anu ankabwera kamodzi pa mwezi, Loweruka, n'kubwerera Lamlungu.

Nthawi imeneyo Rufunsa inali isanakhale boma payokha, ndipo akuluakulu athu ankakhala ku Chongwe. Ife tinali ndi nyumba imodzi yaitali ya zitseko zisanu ndi khonde limodzi. Chitseko chilichonse chinali dipatimenti: za ulimi, za ziweto, za umoyo, za maphunziro, ndi za chitukuko cha m'midzi. Mkulu woyang'anira tonse anali Ba Zulu, munthu wofatsa wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ine anandiika ku za ziweto, pansi pa Ba Sakala. Ndiyenera kunena poyera kuti Ba Sakala anandichitira zabwino zambiri. Ndiwo anandipezera nyumba ija ya pafupi ndi msika, ndipo pamene Chikondi unabadwa ndiwo anandinyamula pa honda, njinga yawo yamoto, kupita kuchipatala. Vuto lawo linali limodzi: chawo chinali chawo. Taipi ya m'ofesi mwawo, ndiye kuti makina otaipira, ankaifunditsa nsalu poweruka, ndipo munthu wa chitseko china akafuna kuigwira ankachita kupempha ngati akupempha mkazi.

Madipatimenti atatu okha ndiwo anali ndi taipi. A za umoyo ndi a za chitukuko analibe. Sisita Mwale, namwino amene ankayendetsa za katemera wa ana m'midzi, ankabwera pakhomo pathu ndi pepala lolemba pamanja n'kuima. Ba Sakala akakhala kuti adzuka bwino ankandiuza kuti, "Ba Tembo, bathandizeniko, koma mukasiliza vanga." Akadzuka moipa, Sisita ankakhala pakhonde n'kulemba yekha zidziwitso makumi awiri ndi bolopeni, chimodzichimodzi. Ndinkamumvera chisoni, koma taipi sinali yanga. Chaka chilichonse ndinkalemba kalata yopempha transifa, ndipo chaka chilichonse yankho linkabwera lakuti ku Lusaka kulibe malo.

1994

Chaka chimenechi kunabwera kalata ya kulikulu yonena kuti kagwiridwe ka ntchito kasintha. Ba Zulu anatisonkhanitsa pakhonde n'kutiwerengera. Inati madipatimenti asiye kukhala aliyense ndi kake, kuti pakhale chipinda chimodzi chotaipira cha onse, kompyuta imodzi, pulinta imodzi ndi wotaipa mmodzi. Motoka ndi jenereta nazonso zikhale za onse. Chipindacho tinkachitcha kuti pulu. Ba Sakala anafunsa kuti, "Manje bwana, ngati ng'ombe zafa ku Chinyunyu na ba ticha bafuna taimutebulo, azayamba ni ndani?" Ba Zulu anayankha kuti ayamba ndi amene wafika poyamba. Ba Sakala anaseka osatsegula pakamwa, ndipo masana omwewo taipi zonse zitatu zinatsekeredwa m'sitolo.

Mwa otaipa atatu amene tinalipo, mmodzi anapuma ntchito, wina anamutumiza kwina, ndipo pulu inagwera ine. Kompyuta inabwera m'makatoni pamodzi ndi mayi wina wa ku Lusaka amene anandiphunzitsa masiku atatu. Masiku atatu, ana anga, kwa munthu amene anali asanaionepo! Anandionetsa kulemba, kusunga ndi kupulinta. Anandiuzanso kuti chilichonse chimene ndalemba ndizichipatsa dzina pochisunga, koma dzinalo lisapitirire zilembo zisanu ndi zitatu, chifukwa makina a nthawi imeneyo sankalola lalitali. Ine ndinadzipangira njira yanga: ndinkatenga liwu loyamba la mutu wa kalata n'kulisandutsa dzina. Kalata ya feteleza inali FETELEZA, ya msonkhano inali MSONKHAN, osamaliza. Mayi uja atapita, munthu wodziwa kompyuta pakati pa Chongwe ndi mlatho wa Luangwa ndinatsala ine, kapena ndinkadziona choncho, ndipo ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Zimene kalata ya kulikulu sinanene n'zakuti kompyuta imadya. Inkafuna dizilo ya jenereta, mapepala ndi riboni ya inki ya pulinta, ndipo zimenezi zinkabwera mwa apo ndi apo. Jenereta tinkailiza maola awiri m'mawa basi. Riboni ikatha tinkadikira milungu. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho dipatimenti iliyonse inayamba kudzifunira riboni yake ku Lusaka n'kuibisa m'kabati. Munthu ankabwera ndi kalata yake m'dzanja, riboni m'thumba. Ndikamupulintira, ankatulutsa riboni yake n'kupita nayo. Pulu inali ya onse pa pepala, koma mkati mwake aliyense ankasunga kakhasu kake. Ngakhale zinali choncho, Sisita Mwale anasiya kuima pakhomo la munthu. Ankalowa, n'kuika pepala lake pamzere ngati wina aliyense, ndipo tsiku loyamba limene ndinamupulintira zidziwitso makumi awiri m'kanthawi kochepa anaziwerenga kawiri, osakhulupirira.

Novembala 1995

Mu Seputembala chaka chimenecho, yankho limene ndinalidikira zaka zisanu linafika. Ku Lusaka kunapezeka malo, poti tsopano ankafuna otaipa odziwa kompyuta. Ndinayenera kukayamba mu Januwale, malinga ngati fayilo yanga ikhale yopanda chilema. Atate anu anayamba kufunafuna nyumba yokulirapo. Ine ndinali nditayamba kale kugawa nkhuku zanga.

Lolemba lina kumayambiriro kwa Novembala, Sisita Mwale anabweretsa chidziwitso cha katemera wa chikuku wa ana a ku Shikabeta. Chinali choti chipite kwa aphunzitsi, akulu a mipingo ndi mafumu a midzi, kuti amayi abweretse ana kusukulu ya m'dera lawo Lachinayi la mlungu wotsatira. Ulendowu unali wofunika, chifukwa mvula ikayamba msewu wa ku Shikabeta motoka sinkadutsa mpaka dzinja litatha. Mutu wa chidziwitsocho unali KATEMERA WA ANA. Ndinataipa, n'kusunga ndi dzina lakuti KATEMERA, zilembo zisanu ndi zitatu ndendende, mpaka ndinakondwa kuti lakwana bwino. Kupulinta sitinapulinte chifukwa riboni kunalibe. Sisita anati akabwereka kwa a za maphunziro pofika Lachitatu.

Lachiwiri kunabwera Ba Sakala ndi chidziwitso chawo cha katemera wa chiwewe wa agalu a ku Chinyunyu. Nawonso anasankha Lachinayi lomwelo, poti mafuta a maulendo onse ankatuluka mlungu umodzi, ndipo nawonso analemba kuti anthu asonkhane kusukulu ya m'dera lawo. Mutu unali KATEMERA WA AGALU. Anaima kumbuyo kwanga riboni ili m'manja, akugwedeza makiyi a honda. "Fulumizani Ba Tembo, jenereta izazima manje manje." Ndinataipa mofulumira, ndipo posunga zala zanga zinalemba KATEMERA mwa chizolowezi. Makina anatulutsa kamzere ka Chingerezi pansi, kofunsa ngati ndikufuna kuti chatsopanochi chilowe m'malo mwa chakale cha dzina lomwelo. Panali zilembo ziwiri zosankha, Y kuvomera, N kukana. Kamzereko ndinakaona, koma sindinakawerenge mpaka kumapeto. Ife otaipa a kale anatiphunzitsa kuti wamkulu akafunsa, yankho ndi inde bwana, ndipo makina aja ndinkawayankha chimodzimodzi. Ndinadina Y. Ba Sakala anapulintitsa zawo, anatulutsa riboni yawo n'kupita.

Lachitatu Sisita anabweretsa riboni yobwereka ndi maenvulopu olembedwa kale maina, n'kuthamangira kukiliniki kumene kunali mzere wa amayi. Mlangizi wa ulimi amene ankapita ku Shikabeta anali panja, honda ikulira, ndipo ndiye ankanyamula makalata a madipatimenti onse opita kumeneko. Ndinatsegula KATEMERA n'kupulinta makumi awiri. Ndinaona liwu loyamba pamwamba, ndinapinda, ndinamata. Kuthamanga si kufika.

Zimene zinachitika Lachinayi lija ndinazimva kwa Sisita mwini, Lachisanu m'mawa. Analowa m'pulu osagogoda, fumbi lidakali m'tsitsi, n'kuika pepala lopindika patebulo langa. "Amai Tembo, werengani," anatero. Ndinawerenga mutu wake: KATEMERA WA AGALU. Iye anapitiriza ndi mawu otsika. Anati ananyamuka m'mamawa ndi bokosi la katemera lodzaza ndi ayisi, anagwedezeka m'motoka theka la tsiku, ndipo atafika pasukulu anapeza bwalo ladzaza ndi azibambo, aliyense wagwira galu pa chingwe cha luzi. Agalu ankalumana, ana a sukulu ali pamawindo kuseka. Mkulu wina anamuyandikira n'kumuthokoza kuti boma lakumbukira agalu awo, koma anadabwa kuti latumiza namwino wovala zoyera. Mphunzitsi wamkulu anaimba chitsulo cha sukulu n'kutumiza mawu m'midzi yapafupi, ndipo amayi ena anabwera ndi ana, Sisita n'kuwabaya. A midzi yakutali, oyenda maola angapo, sanamve kanthu. Ayisi anasungunuka, ndipo anabwerera.

Nkhani ya agalu inafalikira msika wonse tsiku lomwelo, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Inenso lero ndikaganiza za azibambo aja ndi zingwe zawo ndimaseka. Koma mvula inagwa patapita masiku ochepa, msewu unatsekeka, ndipo Sisita anakafikanso ku Shikabeta dzinja litatha. Pakati pamenepo chikuku chinadutsa m'midzi ina ya kumeneko. Sindinamufunse zimene anakapeza, iyenso sanandiuze, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Disembala 1995

Akulu a ku Chongwe analamula Ba Zulu kuti afufuze n'kutumiza lipoti. Tsiku loti mawa lake tikumana, Ba Sakala anandipeza ndikutunga madzi pa mjigo nditaweruka. Anazimitsa honda n'kuyandikira. "Ba Tembo, mvelani, ine nili monga atate banu pano. Mailo mukakambe chabe ati mashini inasokoneza yeka. Ni ndani muno mu Rufunsa angakutsutseni? Ba Zulu sibaziba na poyatsira. Imwe mu Januwale muyenda ku Lusaka na fayilo yoyera, ise batibwezera mataipi yathu, nkhani yasila." Ndinati, "Nanga Sisita?" Iwo anati, "Sisita azalemba na manja monga kale. Sanafe nayo kale, sazafa nayo manje."

Sindikunamizani, ana anga, mawu amenewa anandikomera. Ba Sakala sankandinyenga, ankandifunira zabwino m'njira yawo, ndipo zimene ananena zinali zoona: panalibe munthu wonditsutsa. Madipatimenti atatu aja anali atalemba kale madandaulo akuti pulu ikuchedwetsa ntchito, ndipo lipoti lakuti makina amasintha makalata okha likanamaliza nkhani. Ndinasenza ndowa yanga ndikuwerenga zaka zimene ndakhala kutali ndi atate anu. Iwe Misozi unali utayamba kufunsa chifukwa chake atate ako amabwera ngati mlendo. Koma chinthu chimodzi chinkandikaniza. Makina aja sanachite mwakachetechete. Anaima n'kundifunsa, ine n'kuvomera.

Tinakumana m'ofesi ya Ba Zulu, akulu a madipatimenti onse asanu, Sisita ndi ine. Ba Sakala anayamba, nalankhula nthawi yaitali za kuipa kosonkhanitsa mazira onse a boma m'manja mwa chinthu chosadziwa kusiyanitsa mwana ndi galu. Anthu anaseka. Wa za maphunziro anafunsa chifukwa chake Sisita sanawerenge zidziwitso zake zisanapite. Kenako Ba Zulu anatembenukira kwa ine. "Amai Tembo, inu ndinu mumadziwa makinawa. Kodi angathe kusintha kalata okha?"

Ndinaimirira, ngakhale panalibe amene anandiuza kuti ndiimirire. Ndinati, "Iyayi bwana, sangathe. Zidziwitso ziwirizo ndinazipatsa dzina limodzi ndine. Makina anandifunsa ngati ndikufuna kufafaniza choyamba, ndipo ndinavomera osawerenga. Populinta sindinawerengenso. Sisita anandipatsa pepala lolondola." Ba Sakala anati, "Ba Tembo, ganizani bwino, mwina simukumbuka." Ndinati, "Ndikukumbuka, bwana. Munali kumbuyo kwanga ndi makiyi." Sindinanene zimenezi kuti ndiwapatse mlandu, koma iwo anazimva choncho, ndipo anatha pafupifupi chaka osandipatsa moni. Ba Zulu analemba pang'onopang'ono, kenako anafunsa ngati pali njira yoti zimenezi zisachitikenso. Ndinati dzina lililonse liziyamba ndi zilembo za dipatimenti, ndiponso mwini kalata aziwerenga pepala loyamba n'kusainira ndisanapulinte ena. Sisita anawonjeza kuti mariboni onse atuluke m'makabati akhale m'pulu, chifukwa riboni ikanakhalapo Lolemba lija, chidziwitso chake chikanapulintidwa iye ali pompo. Apa panalibe amene anaseka. Lipoti linapita, ndipo a ku Chongwe anayankha kuti pulu ipitirire ndi malamulo atsopanowo, koma wotaipa alandire kalata yochenjeza ndipo transifa yake iimitsidwe.

Ba Zulu anabwera okha m'pulu ndi kalatayo atailemba pamanja. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuipindapinda. "Amai Tembo, iyi ndikhoza kuitumiza ku Chongwe akaitaipe kumeneko," anatero. Ndinati, "Bweretsani bwana, makalata a pano amataipidwa pano." Ndinaitaipa. Inali ya ndime zitatu, ndipo dzina langa linalimo kanayi. Ndinapulinta pepala loyamba, iwo anawerenga n'kusaina, kenako ndinapulinta ena awiri, limodzi la ku Chongwe, lina la m'fayilo yanga. Ndinasainira kuti ndalandira, n'kutenga ntchito yotsatira, imene inali ya a za ulimi.

Loweruka la mlungu womwewo atate anu anatsika basi ya m'mawa. Ndinapita kukawachingamira kumsewu ndekha, inu nditakusiyani kwa aneba. Anatsika akumwetulira, ndipo asanandipatse n'komwe moni anatulutsa makiyi awiri m'thumba la malaya. "Amake Misozi, yapezeka! Ku Chilenje, zipinda ziwiri zogona, mpopi uli pakhomo pomwe. Sukulu ya Misozi ndi pafupi, azipita wapansi." Ndinawauza zonse titaima pomwepo m'mbali mwa msewu, chikwama chawo chili pansi. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha: "Kodi mukananena kuti ndi makina, akanadziwa ndani?" Ndinati palibe. Anayang'ana makiyi aja kwa kanthawi, n'kuwabweza m'thumba. "Chabwino. Lolemba ndikawabwezera eni ake." Ananyamula chikwama, tinayenda kupita kunyumba, ndipo sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka tsiku limene anatisiya.

Malo aja a ku Lusaka anapatsidwa munthu wina, ndipo ena sanapezekenso. Ndinakhala m'pulu ya ku Rufunsa mpaka kupuma ntchito, atate anu akubwerabe Loweruka limodzi pa mwezi. Mwandifunsa kangapo chifukwa chake munakula mukuona atate anu masiku awiri pa mwezi, ine n'kumakuyankhani kuti boma linakana transifa. Boma linali litavomera, ana anga. Ndinaibweza ndine ndi pakamwa panga, ndipo inu amene munalipira sindinakufunseni.